Kulembetsa munda wa kumudzi muli kuno ku Joni

Mayi wina wa ku Rosettenville wafunsa mmene angalembetsere munda wa makolo ku Malawi m'dzina lake. Njira yake ili m'lamulo la malo a kumudzi lotchedwa Customary Land Act la 2016.

Choyamba, imbirani kumudzi mufunse ngati kwa a Gulupu kuli komiti yoona za malo. Apampando ake amakhala a Gulupuwo, ndipo mwa mamembala 6 osankhidwa, atatu kapena kuposerapo ayenera kukhala amayi.

Kenako sankhani wokuyimirirani, mumulembere kalata yomupatsa mphamvu yosainidwa pamaso pa loya, mutumize pamodzi ndi kope la chiphaso chanu cha unzika.

Patsiku loyenda malire, oyandikana nawo munda onse akhalepo. Apa ndiye pogona nkhani, mayi: amene waima m'munda tsikulo, kaya ndi amalume kaya mlamu, amatha kutchula dzina lake kuti ndiye mwini munda. Uzani komiti mwa kalata kuti mwini ndinu. Ngati munda ndi wa banja, mayina onse awiri, lanu ndi la amuna anu, alembedwe, makamaka kwa inu a chitengwa, chifukwa bambo akamwalira achibale amabwera msanga.

Pakabuka mkangano, dandaulo lipite ku bwalo la malo la a T/A, likakanika lipite ku bwalo la malo la kuboma.