Laputopu yopetera: gulani yotheka kuitsegula

Ndimapeta zipewa, mabaji a sukulu ndi malaya a mipingo m'kachipinda kanga ku Rosettenville, ku Joni kuno, ndipo anzathu ochokera kumudzi akangogula makina opetera, funso lawo lotsatira limakhala la laputopu. Ambiri amafuna yatsopano, yotuluka m'katoni, bola ikhale yotchipa. Ine ndimawauza kuti ayambe aitembenuza, aone ngati kunsi kwake kuli zomangira zoti mmisiri angamasule.

Ntchito yathu siifuna kompyuta yamphamvu kwambiri. Makina a Brother amawerenga mafayilo a PES, a Janome amawerenga JEF, pomwe a Tajima ndi ena ambiri akuluakulu amawerenga DST. Mafayilo amenewa ndi ang'onoang'ono. Chimene chimalemetsa laputopu ndi pulogalamu yosandutsira logo ya kasitomala kukhala misoko. PE-Design ya Brother imafuna Windows, ndiye Chromebook, laputopu yopanda Windows, musaiyang'ane n'komwe ngakhale aitsitse mtengo motani. Ngati ndalama ya pulogalamu palibe, ilipo Ink/Stitch, yaulere, imene imayenda mkati mwa Inkscape. Imafuna kuleza mtima poiphunzira koma mabaji imatulutsa.

Malaputopu atsopano otsika mtengo kwambiri nthawi zambiri amabwera ndi purosesa (ubongo wa kompyuta) ya Celeron, RAM (memore yogwirira ntchito) ya 4GB ndi malo osungira mafayilo a eMMC a 64GB. Vuto si kuchepa kokha. RAM ndi eMMC zimenezi amaziwotcherera pa bodi, moti simungawonjezere kapena kusintha. Windows ikadya gawo lake, malo amatsala ochepa, ndipo tsiku limene eMMC yafa, mmisiri amakuuzani kuti pakufunika bodi yonse, yomwe mtengo wake umayandikira wa laputopu ina. Zili ngati kugula nsapato yomata ndi guluu: chidendene chikatha, wosoka nsapato alibe pogwira.

N'chifukwa chake ndimakonda za kaunjika zochokera m'maofesi: Lenovo ThinkPad T480, Dell Latitude 5490, kapena HP EliteBook 840 G5. Zonsezi ndi za m'ma 2018, ndipo makampani anazigula zambirimbiri, motero kiyibodi, sikirini, fani ndi chaja zake sizisowa kwa amisiri a m'tauni ndi ku Fordsburg. Zili ndi malo awiri a RAM, ndipo SSD yake, yosungira mafayilo, imachoka. T480 ili ndi batire yakunja imene mumaichotsa ndi manja okha, osatsegula kalikonse. Chenjerani ndi kalembo kamodzi: T480s ndi ina, gawo la RAM yake ndi lowotcherera.

Chaka cha 2018 chija sindinachitchule mwangozi. Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 October 2025, ndipo Windows 11 imafuna Intel ya m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo. Yang'anani nambala ya purosesa: i5-8250U kapena i5-8350U ili bwino, koma ikayamba ndi 6 monga i5-6300U, ndi yakale. Wogulitsa akangoti "ndi i5, bwana", mufunseni kuti i5 yake iti. RAM ikhale 8GB, SSD 256GB. Zikachepa mudzawonjezera bizinesi ikakula, ubwino wake ndi umenewo.

Pokagula, tengani flash yanu yomwe mumagwiritsa pa makina. Ilowetseni m'mabowo onse a USB, limodzi ndi limodzi. Kwa ife mabowo amenewa ndi ofunika kuposa kamera kapena sipika: mbewa imafuna lake, chifukwa misoko simungaikonze ndi chala pa touchpad, flash imafuna lake, ndipo mapulogalamu ena amayenda pokhapokha kakiyi kawo ka USB kali momwemo. Tsegulani ndi kutseka chivundikiro kangapo, mumve ngati mahinji akulira kapena pulasitiki ikutukuka pakona. Lembani ndi mabatani onse. Kenako tsegulani Command Prompt, mulembe powercfg /batteryreport, muyerekeze mphamvu imene batire inabadwa nayo ndi imene yatsala. Batire yotopa si chifukwa chokanira laputopu, ndi chifukwa chonenerera mtengo. Koma mukalowa mu BIOS, masetingi amene mumawafikira laputopu ikangoyaka Windows isanayambe, n'kupeza pasiwedi imene wogulitsa sakuidziwa, bwererani ndi ndalama zanu. Imeneyo mwina ili ndi mwini wake amene akuifunafuna, ndipo ife alendo nkhani za apolisi sitizifuna. Pashopu pemphani lisiti yokhala ndi siriyo nambala ndi miyezi ya waranti yolembedwa. Za pa Facebook Marketplace zimatchipa, koma mukasiyana pamsewu ndiye kuti mwasiyana.

Mukafika nayo kunyumba, mdani woyamba ndi ulusi. M'chipinda chopetera mumauluka tinyenyeswa ta nsalu ndi ta backing, yoika kunsi kwa nsalu popeta, ndipo fani imakoka zonsezo. Musaike laputopu pamulu wa malaya, kapena patebulo limodzi ndi makina, poti amanjenjemera. Ikayamba kutentha ndi kulira ngakhale simukuchita chilichonse, ipititseni akaipukute mkati. Pa ThinkPad ndi ntchito yaing'ono.

Mdani wachiwiri ndi magetsi. Ziphaliwali za ku Joni kuno m'nyengo ya mvula mukuzidziwa, ndipo magetsi akamabwerera atathima amatha kupsereza chaja. Gulani pulagi yoteteza ku magetsi amphamvu, ndipo kukayamba kugunda zulani zonse, makina omwe.

Mapatani anu ndi odula kuposa laputopu. Logo ya sukulu imene munaikonza usiku wonse isakhale malo amodzi: ikhale pa laputopu, pa flash ina yosiyana ndi ya makina, komanso pa Google Drive, imene imapereka 15GB kwaulere. Flash ya makinayo ikhale yaing'ono ndipo muifomate FAT32, chifukwa makina ambiri, makamaka akale, zazikuluzikulu amazikana.