Mwangofika kumene ku Joni? Miyezi itatu yoyambayi ichiteni chonchi

Sabata yatha ndinapita ku Park Station, siteshoni ya mabasi ya mu Johannesburg muno, kukachingamira mwana wa achemwali anga, anatsika basi atavala kamalaya kopyapyala ndi masilipasi mu June muno, milomo ili mbuu, chikwama wachikumbatira pamimba ngati khanda, ine kungoseka chifukwa ndi mmene ndinafikira nanenso. Zomwe ndinamuuza usiku umenewo tikudya nsima ya usipa womwe anabwera nawo ndi zomwe ndalemba apazi, poti anthu akubwerabe daily ndipo ambiri amangouzidwa kuti "kuli ndalama" basi, zinazo aziona okha.

Tiyambe ndi pasipoti chifukwa ndi pomwe ambiri timagwera. Mukalowa pa boda ya Beitbridge ndi pasipoti ya Malawi amakudindirani masiku osapitirira 30 ngati mlendo, ndipo musangoganiza kuti ndi 30, tsegulani muone deti yomwe alemba chifukwa nthawi zina amapereka ochepa. Chidindo chimenecho si chilolezo chogwirira ntchito, izi ndinene poyera ngakhale tonse tikudziwa mmene anthu akukhalira. Kuyambira 2014 lamulo lake ndi loti ukapitiriza masiku amakuletsa kulowanso, chaka chimodzi ngati wapitiriza pang'ono, zaka zisanu ngati wadutsa masiku 30, ndipo akakugwira mkati muno njira yake ndi ya ku Lindela ku Krugersdorp, komwe amatsekera anthu oyembekezera kubwezedwa kwawo. Ndiye pali anthu amakuuzani kuti bweretsani pasipoti ndi kandalama tikakudindireni ku boda inu muli phee kunyumba, abale anga chidindo china chimakhala chabodza ndipo mudzadziwira pa kauntala tsiku lomwe mukupita kumaliro kumudzi. Pasipoti isachoke mmanja mwanu, kaya ndi bwana, kaya landilodi, kaya amene anakulipirirani thiransipoti. Ijambuleni pa foni tsamba la chithunzi ndi la chidindo, mutumizire munthu mmodzi kumudzi yemwe sataya zinthu. Ikatayika muyambire ku polisi kukalemba lipoti kenako ku ofesi ya dziko lathu, kazembe ali ku Pretoria komanso kuno ku Johannesburg kuli ofesi.

Layini ya foni gulani tsiku lachiwiri lomwe. Kuno amati RICA, kulembetsa simu, amafuna pasipoti ndi umboni wa komwe mukukhala. Mumsewu amagulitsa masimu olembetsa kale mdzina la munthu wina, amagwira ntchito inde koma tsiku lomwe foni yabedwa nambala imeneyo simudzaibwezanso, pomwe mabwana onse omwe munawasiyira nambala akuyimba pomwepo. Ndipo tchaja chanu cha ku Malawi cha mano atatu amakona chija sichilowa pakhoma la kuno, masoketi akuno ndi a mabowo ozungulira, gulani adaputa pa shopu iliyonse ya ma China musanayambe kutokosa ndi waya. Nthawi yokha ndiye musavutike kusintha wotchi, ndi imodzimodzi ndi kwathu.

Tsopano ma taxi, apa ndikhalitsapo chifukwa ine anandiliza. Taxi kuno ndi minibasi, koma mulibe kondakitala woitanira kuti Limbe Limbe kapena kukufunsa kuti mutsikira pati. Umaima mmbali mwa msewu nkuimika ndi chala, chala cholozera kumwamba ndiye kuti ukupita mtauni, cholozera pansi ndiye kuti ndiwe wa pafupi pompano, madera ena ali ndi zizindikiro zawo ndiye funsani neba musanatuluke, safunsa anadya phula. Mukalowa perekani moni, "sanibonani" basi, anthu ayankha "yebo" nkhani yatha. Ndalama simupatsa dalaivala mwachindunji, anthu a mzere umodzi mumasonkhanitsa nkupatsira kutsogolo, kunena kuti ndi ya anthu angati, chenji chimabwereranso njira yomweyo. Ndiye chenjezo langa lalikulu ndi ili, musakhale mpando wakutsogolo pafupi ndi dalaivala ngati masamu amakuvutani, chifukwa wokhala pamenepo ndiye amawerenga ndalama za galimoto yonse. Ine sabata yanga yoyamba ndinathamangira kutsogolo kuti ndiziona tauni bwino, mwadzidzidzi ndalama zayamba kubwera paphewa, uyu akuti "three", uyu akuti "two, change ya fifty", manja anga thukuta, ma rand sindinawazolowere, dalaivala akundiyankhula Chizulu ine ndingoti yebo yebo osamva kanthu, mpaka mayi wina kumbuyo anandimvera chisoni nkuwerenga yekha mokweza galimoto yonse ikuseka. Potsika mumakuwa nokha, "after robot" ngati mukufuna kutsika mukadutsa maloboti, "short left" ngati ndi kamsewu kakumanzere kakubweraka. Mukachita manyazi mukatsikira ku renki ya mtauni ya Bree kapena ya Noord komwe simumafuna. Ndipo mmawa musakwere ndi R200 yosasintha, mudzatukwanidwa mzilankhulo zinayi.

Chilankhulo phunzirani msanga, osadikira. Chizungu chokha chimakuonetsa kuti ndiwe wobwera, ndipo mawu onyoza obwera oti kwerekwere mudzawamva ndithu, musayankhe. Chizulu sichovuta kwa ife, mawu ambiri amafanana, umuntu ndi munthu, inyama ndi nyama, imvula ndi mvula, ndiye mukamamvetsera mu taxi ndi pa TV miyezi itatu mukhala mukugula zinthu pa spaza, kagolosale ka mdera lanu, osalankhula Chizungu. Ku Pretoria ndi mbali zina ndi Chisotho ndi Chitswana, moni wake "dumela". Za zipolowe zothamangitsa obwera za 2008, 2015 ndi 2019 munamva, sizichitika tsiku ndi tsiku koma mukhale mu gulu la WhatsApp la a Malawi a dera lanu, uthenga woti lero musapite mtauni umafika kumeneko kaye usanafike pa nyuzi. Kwa eni kulibe mkuwe, mkangano wa pa shabini kapena wa mpira usiyeni upite.

Kuzizira. Anthu kumudzi amaganiza kuti poti tinazolowera June wa ku Dedza kapena chiperoni cha ku Thyolo ndiye tatha, ayi ndithu. Johannesburg ili pamtunda kwambiri, mamita oposa 1,700, June ndi July mmawa kumatha kufika pa 0, udzu kuyera ndi chisanu, mphepo yake youma yong'amba milomo ndi zidendene, ndipo tizipinda takuseri tomwe ambiri timachita lenditi ndi ta malata opanda siling'i. Ndalama yoyamba gulani bulangete lolemera lija, jekete ya kaunjika, chipewa, masokosi ndi Vaseline, foni yatsopano idikire. Koma chomwe ndikupempheni ndi mtima wonse, mbaula musagone nayo mnyumba. Kunonso amaitchula imbawula ndipo chaka chilichonse imapha anthu, makala akamayaka mchipinda chotseka amatulutsa mpweya wosanunkha, umangomva tulo tokoma ndi kamutu pang'ono basi osadzukanso. Otherani panja, ikazima ndiye mulowe. Chimodzimodzi sitovu ya parafini ndi kandulo nthawi ya load shedding, mmikhukhu moto ukayamba umatenga mzere wonse. Botolo la madzi otentha kumapazi limagwira ntchito bwino kuposa hita yomwe imangomaliza mayunitsi a magetsi nkukuyambanitsani ndi landilodi.

Za nyumbazo, musanapereke dipoziti funsani kuti magetsi ndi madzi zili mu lendi momwemo kapena ayi, mita mukugawana ndi anthu angati, geti amatseka nthawi yanji. Mukalipira lendi musangopereka pamanja, kaya alembe mkabuku asayine kaya mutumize uthenga pa WhatsApp woti ndapereka mwakuti lero iye ayankhe. Ndipo amene wakulandiraniyo, kaya ndi achimwene anu enieni, mlendo ndi mame, pakatha mwezi yambani kugula ufa kapena magetsi musanauzidwe, maubale ambiri kuno anathera pa nkhani ya buledi ndi sopo.

Chakudya sindichedwapo, simufa ndi njala. Ufa ulipo, Iwisa, Ace, White Star, akuno amati pap ndipo amaphika mwawo koma inu phikani nsima mmene munaphunzirira, mthiko okha bwerani nawo. Masamba amati morogo, mapazi ndi mitu ya nkhuku ndi zotchipa, ku msika wa ku Yeoville mumapeza zakudya za maiko osiyanasiyana a mu Africa muno. Usipa, Nali, mpunga wa Kilombero ndi Sobo zimabwera ndi anyamata a mathiransipoti, mtengo wake mudzadandaula koma mudzagulabe.

Pa ntchito, kaya mwapeza ya mnyumba, ya mgaden, ya mshopu ku Fordsburg kapena Mayfair, mugwirizane malipiro musanagwire tsache, pa tsiku kapena pa mwezi, maola angati, Sande mukugwira kapena ayi. Dziko lino lili ndi malipiro otsikitsitsa ovomerezeka, kuyambira March 2025 anali R28.79 pa ola ndipo amawakweza chaka ndi chaka, ogwira ntchito zapakhomo nawonso ali momwemo. Ambiri amalipidwa zochepera poti bwana akudziwa kuti mapepala palibe, komabe dziwani nambalayo kuti muzidziwa kuti akukudyerani zingati, ndipo kuli bungwe la CCMA lomwe limamva madandaulo a antchito kwaulere, obwera nawonso amapita. Lembani masiku omwe mwagwira mkakope. A Malawi tili ndi mbiri yoti ndife okhulupirika pantchito, inayamba kale nthawi ya agogo athu omwe ankabwera kumigodi kudzera ku Wenela ndi Theba, ndiye ntchito zambiri zimapezeka chifukwa bwana wauza mnzake kuti ndipezere wa ku Malawi, mukaba supuni mwatsekera anthu khumi.

Amene mumamwa mankhwala a tsiku ndi tsiku, ma ARV, a BP, a shuga, bwerani ndi buku lanu la kuchipatala ndi kalata yochokera komwe mumalandirira, mupite ku kiliniki ya dera lanu asanathe, osati atatha. Pitani mmamawa, mzere wake ndi wautali. Nambala ya polisi ndi 10111, pa foni ya mmanja 112 imagwiranso. Mtauni foni isatuluke mthumba, pa ATM wina akati ndikuthandizeni mukane ngakhale atavala bwino chotani.

Ndiye ndalama zotumiza kumudzi, apa mpomwe pamalira amuna akuluakulu. Mukangoika chithunzi pa Facebook mutaima pa Mandela Bridge basi foni siipuma, fizi, feteleza, mbuzi yadwala, denga lauluka. Sankhani tsiku limodzi pa mwezi ndi munthu mmodzi wolandira, muwauze onse kuti ndi choncho, ndipo tumizani kudzera njira zodziwika ngati Mukuru kapena Mama Money zoti zikafikira pa Airtel Money kapena Mpamba, osati kupatsira munthu wa pa basi mu envelopu. Muyambe mwachotsa lendi, thiransipoti ya mwezi wonse, chakudya, ndi ndalama ya basi yobwerera kumudzi yomwe simuigwira zivute zitani. Ine chaka changa chachiwiri ndinkatumiza ndalama za malata kwa m'bale wanga wina miyezi isanu ndi itatu, iye kumanditumizira zithunzi za malata ali bwinobwino atatsamira khoma, nditapita pa Khirisimasi ndinapeza kuti zithunzizo ankajambula pa hadiweya pa boma, pamalo panga pali njerwa zomera udzu. Panopa ndikatumiza ya simenti ndimafuna vidiyo kolo, ndione matumba, ndiwerenge ndekha, aone nkhope yanga.

Lowaninso gulu la maliro la anthu akwanu kapena mutenge funeral cover, inshuwaransi ya maliro, ngakhale muli ndi zaka 22 ndipo simudwala. Kunyamula thupi kuchoka kuno kudutsa Zimbabwe ndi Tete mpaka pa Mwanza ndi ndalama zambiri zedi, ndipo timatopa nako kuyenda ndi mbale mmagulu a WhatsApp kusonkhera munthu yemwe sankabwera ku misonkhano. Kumeneko ndi kutchalitchi kapena ku mzikiti ndi komwenso mumamva za chipinda chomwe chatsala, ganyu ya Loweruka, ndi chipereganyu chomwe akuno amati stokvel. Mphwanga uja ndamulembetsa kale, dzulo wakwera taxi yekha kupita ku Randburg kukaonana ndi bwana wina wa gaden, ndinamuuza kuti akhale mpando wakumbuyo.