Mmene mungasiyanitsire nkhono za zigoba ziwiri pofufuza kuipa kwa madzi

Nkhono za zigoba ziwiri zimene zimadzikwirira mumchenga ndi m'matope a nyanja ya Malawi, nyanja ya Malombe ndi mtsinje wa Shire zimadya posefa madzi, ndipo popeza sizipita kutali, choipa chilichonse cholowa m'madzimo chimadutsa m'matupi mwawo. Botolo la madzi lopita ku labotale limanena za tsiku limene munatunga lokha, pamene nkhonozi zimasonyeza mmene malowo akhalira kwa zaka. Koma umboniwu umasokonekera mukawerengera pamodzi mitundu yosiyana.

Yambani ndi zigoba zopanda kanthu za pagombe, ndipo muyang'ane mkati, pamene ziwirizo zimalumikizana, chifukwa kunja matope amazidetsa mpaka zonse kuoneka zofanana. Chigoba chokhuthala, chosakula kwambiri, chokhala ndi mano olowana (timabampu ta pamene zigobazo zimalumikizana), kawirikawiri ndi cha mtundu wotchedwa Coelatura. Chambardia ndi yaikulu, yooneka ngati dzira, ndipo ilibe mano. Mutela ndi yaitali ndi yopyapyala, ndipo Mutela alata imadziwika ndi kaphiko kake chakumbuyo. Corbicula ndi yaing'ono, ya ngodya zitatu, ya mizere yotukuka, ndipo mano ake a m'mbali ali ngati a macheka.

Kusiyanaku n'kofunika chifukwa cha kaberekedwe. Ana a Coelatura, Chambardia ndi Mutela amayamba amamatira pa nsomba asanagwere pansi, ndipo amakula pang'onopang'ono, pamene Corbicula sidalira nsomba ndipo imaswana msanga. Choncho kupeza Corbicula yambiri payokha si umboni wakuti madzi ali bwino.

Sankhani malo awiri, ena kumtunda ndi ena kumunsi kwa ngalande kapena munda umene mukuukayikira, ndipo pansi pake pakhale pofanana, mchenga ndi mchenga, kuyanso kofanana. Pitani pakati pa Seputembala ndi Novembala madzi atatsika. Ikani pansi chimango cha mita imodzi mbali zonse, fukulani masentimita 10, sefani, ndipo mubwereze kakhumi pamalo aliwonse. Werengani zamoyo zokha, mtundu uliwonse paokha, yezani utali ndi rula, kenako muzibwezere pomwe munazipeza.

Pa zonsezi, ine ndimaona kuti utali ndiwo umanena zambiri. Amoniya wochokera m'zimbudzi, ndowe ndi feteleza, komanso mkuwa wosungunuka m'madzi, zimayamba kupha tiana, pamene zazikulu zimatha kutseka zigoba n'kupirira. Ngati kumtunda muli Coelatura za misinkhu yonse koma kumunsi mwatsala zikuluzikulu zokha, ndiye kuti kumunsiko kuswana kunaima, ngakhale chiwerengero chikuoneka chabwino.

Musafulumire kuloza chala madzi. Ku Malombe, kumene chambo chinachepa kwambiri chifukwa cha usodzi wopyola muyeso, nkhono zingathe kusowa chifukwa makoka amakokolola pansi kapena chifukwa nsomba zonyamula ana ake zachepa. Zotsatira zanu zikhale chifukwa chotumizira madzi ku labotale, kumene angatchule chimene chawaipitsa.

Valani jombo ndi magolovesi poopa likodzo, funsani asodzi za ng'ona musanalowe mu Shire, ndipo m'malo otetezedwa monga Liwonde ndi Cape Maclear mupeze kaye chilolezo musanakhudze nkhono iliyonse.