Dimba la pasukulu lisakhale chibalo

Aphunzitsi anzanga, mwana akachedwa kapena akasokosa m'kalasi, musamutumize kudimba. Mukatero khasu amaliona ngati mkwapulo, ndipo za ulimi mwamudanitsa nazo basi.

Chimene chandithandiza ine ndi ichi. Gulu lililonse la ana asanu kapena asanu ndi mmodzi ndimalipatsa bedi lakelake, n'kuligawa pakati. Mbali imodzi athire manyowa ndi kuphimbira ndi udzu wouma kapena mapesi, ina aisiye yambee. Konseko afese mpiru kapena bonongwe, poti sizichedwa, teremu isanathe amakhala atathyola kale ndiwo. Dzuwa la Okutobala likaswa mtengo, auzeni apise chala m'dothi mbali zonse ziwiri. Kophimbira kuja apeza chinyontho ndi kuzizira, mwinanso nyongolotsi, pamene kwinako kwauma gwaa. Za mleranthaka zimene mumavutika kufotokoza pabolodi azimva pomwepo.

Zinyalala zosesa pabwalo asatenthe. Masamba, phulusa ndi ndowe apite nazo kudzenje la kompositi, mapulasitiki okha apatule.

Mpanda yambirani musanafese, mbuzi za m'mudzi sizidziwa kuti ili ndi phunziro. Ndipo ndiwo zikacha, ana atengeko kunyumba, zisathere m'mapoto a aphunzitsi.