Mbaniro kapena zikhadabo: kasankhidwe ka mawu oyenera

Musanalembe kuti chinthu chili ndi mbaniro, yambani mwaona kagwiridwe kake. Mawuwa ndi a banja limodzi ndi mneni woti kupana, ndiko kufinya chinthu pakati pa mbali ziwiri zoyang'anizana kuti chisapulumuke. Ngati mbali ziwirizo palibe, mawu amenewa asiyeni.

Kwawo kwenikweni kwa mbaniro ndi ku chipala, kumene wosula amatulutsa nayo chitsulo chofiira pamoto n'kuchigwira zolimba uku akuchimenya ndi nyundo, ndipo zogwirira zake zimakhala zazitali kuti dzanja litalikirane ndi moto. Chotolera makala oyaka pa mbaula ndi mbaniro ndithu, ngakhale chitakhala cha waya wopinda chabe. Koma musaisokoneze ndi mpani, kamtengo kong'amba pakati kamene amapanirapo mbewa kapena nsomba. Mpani ukapana umamangidwa ndipo sutaya mpaka ndiwo zitapsa, pamene mbaniro imatseguka ndi kutsekeka m'manja mwa mwini wake.

Pa zamoyo m'pofunika kusamala kwambiri, chifukwa m'posavuta kungoti zonse ndi zikhadabo. Nkhanu ili ndi miyendo 10, ndipo iwiri yakutsogolo, imene imapana chala cha mwana wopisa dzanja pansi pa mwala kumtsinje, ndiyo mbaniro. Chinkhanira nacho chili ndi mbaniro ziwiri zogwirira tizilombo, koma ululu wake uli mu mbola ya kumchira. Choncho wolemba kuti chinkhanira chaluma munthu ndi mbaniro walakwitsa, ndipo wabisira owerenga mbali yoopsa.

Zikhadabo ndi za kabawi, kadzidzi, mphaka ndi kambuku, zimene zimabaya ndi kukanda. N'zoona kuti kabawi akakwatula mwanapiye amamugwira mwamphamvu, komabe palibe mayi amene amafuula kuti mwanapiye wapita ndi mbaniro.

Pa mgwirizano wa mawu, dzinali silisintha mukamachulukitsa: timati mbaniro yanga yathyoka, mbaniro zake n'zazikulu. Mukakumana ndi chipangizo chatsopano chimene dzina lake simukulitsimikiza, musachikakamize kukhala mbaniro. Lembani kuti chopanira, n'kutchula chimene chimapanidwacho, monga mmene timanenera kuti zopanira zovala pa chingwe.