Chisamani cha ngongole chafika: zoyenera kuchita masiku oyankhira asanathe

Munthu akalephera kubweza ngongole ndipo wobwereketsa wamusumira kukhoti, choyamba chimene chimamufika ndi chisamani. Ambiri amachipinda n'kuchisunga penapake chifukwa cha mantha kapena manyazi, poganiza kuti ayankha akapeza ndalama. Apa ndi pamene mlandu umawonongekera. Khoti silidikira munthu amene sanayankhe. Masiku olembedwa pa chisamani akatha, wosumayo amapempha chigamulo inu kulibe, ndipo nthawi zambiri amapatsidwa ndalama zonse zimene analemba, kuphatikizapo zimene mukanatha kuzitsutsa.

Tsiku lomwelo chisamani chafika, lembani deti ndi mmene chakufikirani, kaya pamanja, pa positi kapena kudzera mwa munthu wina, chifukwa kawirikawiri masiku oyankhira amayambira pamenepo. Kenako pezani pa pepalapo zinthu izi: dzina la khoti, nambala ya mlandu, dzina la wosuma, ndalama zimene akufuna, ndi masiku amene mwapatsidwa. Masikuwa amasiyana malinga ndi dziko komanso khoti, ndipo kawirikawiri amakhala masabata ochepa chabe. Funsani kalaliki wa khoti ngati Loweruka, Lamlungu ndi maholide akuwerengedwa. Dziwaninso kuti makampani ena otolera ngongole amalemba makalata oopseza ooneka ngati a khoti. Chisamani chenicheni chimakhala ndi nambala ya mlandu, ndipo ofesi ya khoti ingakutsimikizireni ngati mlanduwo unalembetsedwadi. Pitani nokha kapena imbani pa nambala imene mwaipeza nokha, osati imene ili pa kalata yokayikitsayo.

Kulephera kubweza ngongole si upandu. Pangano la mayiko la International Covenant on Civil and Political Rights la 1966, pa ndime 11, limaletsa kutsekera munthu m'ndende pa chifukwa chokhacho choti walephera kukwaniritsa pangano. Komabe kunyozera lamulo la khoti, monga kukana kukaonekera mutaitanidwa kukafotokoza za chuma chanu, ndi nkhani ina ndipo kungakumangitseni. N'chimodzimodzi ngati munatenga ngongoleyo mwachinyengo.

Ntchito yaikulu ili pa kuwerengera. Sonkhanitsani pangano limene munasainira, malisiti, sitetimenti ya ku banki, mauthenga a pafoni osonyeza ndalama zimene munatumiza, ndi makalata onse amene munalemberana ndi wobwereketsa. Ndalama zimene akufuna zigaweni panayi: zimene munabwereka, chiwongoladzanja, zilango za kuchedwa kulipira, ndi zolipirira maloya ndi khoti. Yerekezani gawo lililonse ndi pangano. Zolakwika zimene zimapezeka kawirikawiri ndi ndalama zimene munalipira koma sanazichotse, chiwongoladzanja chowerengedwa pa mlingo woposa wa m'pangano, ndi zilango zimene pangano silinazitchule n'komwe. Ngati wosuma si amene anakubwereketsani, mwina ngongoleyo inagulitsidwa, ndipo muli ndi ufulu wofuna umboni wolembedwa wosonyeza kuti inasamutsidwira kwa iye.

Onaninso zaka za ngongoleyo. Malamulo amaika malire a nthawi imene munthu angasumire ngongole. Ku England, lamulo la Limitation Act la 1980 limapereka zaka 6 pa ngongole wamba ya pangano; ku South Africa, Prescription Act la 1969 limapereka zaka 3 pa ngongole zambiri zotere. Chenjezo lathu apa ndi lalikulu: m'malamulo ambiri, kulipirako kandalama kochepa kapena kulemba kuti mukuvomereza ngongoleyo nthawiyo isanathe kumachititsa kuti zakazo ziyambirenso kuwerengedwa. Choncho ngati ngongole ndi yakale, musalipire kapena kusainira kalikonse musanafunse loya kapena ofesi yothandiza anthu pa zamalamulo mwaulere. Ndipo musadalire khoti kuti likunenereni mfundo yoti nthawi yosumira inatha. Ilembeni nokha m'yankho lanu.

Yankho lili ndi njira zitatu: kuvomera zonse, kuvomera gawo n'kutsutsa lotsalalo, kapena kutsutsa zonse. Tengani ndime za m'chikalata cha wosuma imodzi ndi imodzi, n'kulemba ngati mukuvomera kapena kukana, ndi chifukwa chake. Ndime imene mwaidumpha ikhoza kutengedwa ngati mwaivomera. Mawu oti "ndilibe ndalama" sathetsa mlandu. Ntchito yake ndi pamene mukupempha kulipira pang'onopang'ono. Ngati ngongoleyo ndi yoona ndipo masamu ake ndi olondola, ife timalangiza kuvomera n'kupempha nthawi, chifukwa kutsutsa popanda mfundo kumangochulukitsa ndalama za maloya zimene mapeto ake zimagwera inu. Konzani makope atatu: la khoti, la wosuma, ndi lanu lodindidwa chidindo chosonyeza deti limene mwapereka.

Mukhoza kukambirana ndi wobwereketsa ngakhale mlandu uli kale kukhoti, ndipo ambiri amavomera chifukwa kulanda katundu kumawadyera nthawi ndi ndalama. Koma kukambirana sikuimitsa masiku oyankhira. Munthu wa ku ofesi yawo akakuuzani pafoni kuti "musade nkhawa, tikonza," perekanibe yankho lanu kukhoti pa nthawi yake.

Musanatchule ndalama zimene muzilipira, lembani zimene mumapeza pamwezi, muchotsepo chakudya, nyumba, mayendedwe a kuntchito, sukulu ndi mankhwala. Lonjezani kuchokera pa zotsalazo. Onetsetsaninso ngati ndalamazo zikuchepetsadi ngongole. Tinene kuti mwatsala ndi ngongole ya 100,000 ndipo chiwongoladzanja ndi 3 pa 100 iliyonse pamwezi: mwezi uliwonse pakuwonjezeka 3,000. Mukamalipira 2,500, ngongoleyo ikukula ngakhale simunaphonyepo mwezi. N'chifukwa chake pokambirana muzipempha kaye kuti chiwongoladzanja chiimitsidwe kapena chichepetsedwe, kenako n'kukamba za ndalama za pamwezi. Mgwirizano ulembedwe, usainidwe ndi mbali zonse, utchule ndalama zonse, deti lolipirira, ndi chimene chichitike ndi mlanduwo. Werengani bwino ndime yonena za kuphonya, pakuti mapangano ambiri amati mukaphonya kamodzi, ndalama zonse zotsala zimafunika nthawi yomweyo. Ndipo musatenge katapila kuti mutseke ngongole ya kukhoti. Kumeneko n'kukumba dzenje lakuya kuti mukwirire laling'ono.

Tsiku la mlandu fikani msanga ndi mapepala oyalidwa motsatira madeti. Ngati mwadwala kapena pali chokulepheretsani chachikulu, lemberani khoti tsikulo lisanafike, ndi umboni wake.

Ngati chigamulo chinaperekedwa kale inu kulibe, pemphani khoti lomwelo kuti lichichotse. Woweruza amayang'ana zinthu ziwiri: chifukwa chomveka chimene simunayankhire, monga chisamani chimene chinapita ku adiresi yakale, komanso ngati muli ndi mfundo yeniyeni yotsutsira mlanduwo. Amayang'ananso ngati mwachitapo kanthu mwamsanga mutangomva. Pempho lokhalo siliimitsa kulanda katundu, choncho pemphaninso mwapadera kuti kulandako kuyambe kwaimitsidwa.

Chigamulo chikakhalapo osalipidwa, wosuma angapemphe kuti katundu wanu alandidwe n'kugulitsidwa, kuti abwana anu azidula gawo la malipiro anu, kapena kuti banki ipereke ndalama za mu akaunti yanu. Olanda katundu akabwera, funsani chiphaso chawo ndi chikalata cha khoti, ndipo atenge zinthu atazilemba pa mndandanda umene inunso mupatsidwe. Malamulo a mayiko ambiri amateteza zovala, zogonera ndi zida zogwirira ntchito mpaka pa mlingo wina. Katundu wa munthu wina amene ali m'nyumba mwanu sayenera kugulitsidwa, koma mwini wakeyo ayenera kukadandaula kukhoti ndi malisiti ake. Musalembetse katundu wanu m'dzina la wachibale pofuna kumubisa, chifukwa khoti likhoza kuthetsa kusamutsako. Ngati pali munthu amene anakusainirani kuti adzalipira inu mukalephera, muuzeni za mlanduwu lero, popeza wobwereketsa akhoza kumusumira iyenso.

Mukamaliza kulipira, funani kalata yotsimikizira kuti ngongole yatha, perekani kope lake kukhoti kuti lilembe kuti chigamulo chakwaniritsidwa, ndipo pemphani mabungwe osunga mbiri ya ngongole za anthu kuti akonze zimene analemba pa dzina lanu.