Makorali ofewa akafota, yambani mwaona kutentha ndi mchere

Kwathu ndi ku Ulongwe, kumene June akafika timagona ndi mabulangete awiri, koma ntchito inandigwetsera ku Moatize. Pabalaza ndili ndi kathanki ka madzi amchere ka malita 60, ndipo makorali ake ndinachita kunyamula m'chidebe kuchokera ku Beira. Amayi atabwera kudzacheza anangoti, "Mwananga, zimenezi n'zomera kapena nyama?" Ndi nyama, koma m'thupi mwake mumakhala tindere tating'onoting'ono totchedwa zooxanthellae, timene timazipangira chakudya ndi kuwala. Madzi akatentha kwambiri, korali amatitaya tindereto, n'kuyera mbuu.

Zinandionekera mu October. Ma zoanthus, timakorali tooneka ngati timaluwa, onse anatseka; Sarcophyton, korali wooneka ngati bowa wachikopa, anaweramira pansi ngati chimanga cha pa ng'amba. Thermometer inkaloza 31, pamene makorali amafuna madigiri 24 mpaka 27. Ndiye musanagule mankhwala alionse, yezani kutentha masana, cha m'ma 2 koloko, osati m'mawa madzi akadali ozizira. Kutentha kukakwera, vundukulani thanki, lozetsani fani pamwamba pa madzi, tsekani makatani, ndipo nyale muziyatsa madzulo. Botolo la madzi oundana lotseka bwino limathandiza, koma muzitsitsa pang'onopang'ono. Kathanki kakang'ono sikachedwa kusintha, ndipo kusintha kwadzidzidziko n'kumene kumapha.

Apa ndi pomwe ndinalakwa. Fani imaumitsa madzi msanga, ine n'kumadzazira ndi madzi amchere. Iwalani zimenezo! Chimene chimauluka ndi madzi okha, mchere umatsala momwemo. Patatha masabata awiri refractometer, chipangizo choyezera mchere, inandionetsa 1.030, m'malo mwa 1.025 kapena 1.026. Tsopano ndinamata katepi pagalasi, ndipo m'mawa uliwonse ndisanamwe tiyi ndimathira madzi opanda mchere mpaka afike pakatepipo. Akhale osefedwa ndi sefa ya RO (reverse osmosis) kapena a destilada. A pampopi ayi, muli klorini, ndipo ngati adutsa m'mapaipi a kopa ndiye poizoni weniweni. Mchere ukakwera, utsitseni kwa masiku angapo.

Sarcophyton yekha ali ndi khalidwe lake. Amatha kutseka masiku angapo, n'kumanyezimira ngati wapakidwa phula, kenako amafundula kakhungu kopyapyala ndi kutsegukanso. Si matenda amenewo. Muwonjezereni kayendedwe ka madzi kuti kakhunguko kachoke, koma pampu isamuwombe mwachindunji. Chodetsa nkhawa n'chakuti mnofu wada, ukusungunuka, ndipo mukamutulutsa akununkha chivunde. Pamenepo dulani povundapo ndi lezala latsopano, musinthe madzi ena.

Zikakhala kuti kutentha ndi mchere zili bwino, onani nyale. Makorali a bowa, ma Discosoma, amakhwinyata akawalitsidwa kwambiri, choncho atsitsireni pansi pamthunzi wa mwala. Onaninso ngati sakukhudzana, chifukwa makorali ofewa amamenyana ndi mankhwala amene amatulutsira m'madzi. Kathumba ka activated carbon, makala apadera osefera madzi, ndi kusintha malita 6 sabata iliyonse zimachepetsa nkhondoyo. Madzi oyeretsetsa nawo sawakonda: nitrate, yochokera ku zinyalala za m'thanki, ikafika ziro amaonda, 5 mpaka 10 ppm ili bwino, alkalinity, mphamvu ya madzi yolimbana ndi asidi, ikhale cha pa 8 dKH. Musinthe chinthu chimodzi, dikirani sabata, apo ayi simudziwa chimene chathandiza.

Magetsi akathima, kapampu ka mpweya ka mabatire kamapulumutsa thanki. Kanga kamakhala m'kabati limodzi ndi tochi.

Ma zoanthus ndi abale awo, ma Palythoa, musawagwire ndi manja chabe. Ena ali ndi palytoxin, poizoni woopsa kwambiri. Valani magolovesi ndi magalasi, ana akhale patali, ndipo mwala umene anamerapo musauwiritse kapena kuuthira madzi otentha, chifukwa nthunzi yake ingadwalitse nyumba yonse.